Kuyenda Pansi Si Umphaŵi

Masiku ano anthu ambiri amachita manyazi kuyenda pansi. Munthu akafuna kupita kumsika umene uli pafupi, amaima pamseu kudikira minibasi kapena njinga ya kabaza. Nthaŵi imene amataya podikirapo ndi yokwanira kuti akadafika kale kumsikako. Ena amafika poseka mnzawo amene wasankha kuyenda, namati alibe ndalama. Maganizo otere ndi olakwika, ndipo inu ana muyenera kuŵakana mukadali aang'ono. Kuyenda pansi si umphaŵi ayi. Ndi mankhwala amene sitigula, ndiponso ndi chisangalalo chimene wokwera galimoto sachidziŵa.

Tiyambe taona m'mene thupi lathu lidapangidwira. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, ndipo phazi limodzi lokha lili ndi mafupa 26. Mukaphatikiza mapazi onse aŵiri mupeza mafupa 52. Kodi mafupa onseŵa ndi oti azingokhala m'nsapato pansi pa tebulo? Iyayi! Mafupa amalimba akamasenza thupi, monganso khasu limaŵala likamalima koma limachita dzimbiri likangokhala pakhonde.

Tsono taikani dzanja pachifuwa panu. Mukumva kugunda? Umenewo ndi mtima, ndipo ntchito yake ndi kupopa magazi usana ndi usiku. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pafupifupi ka 70 pa mphindi imodzi. Akayamba kuyenda mofulumira, mtima umagunda msanga, mapapo amakoka mpweya wambiri, ndipo magazi amafika bwino ku ziŵalo zonse. Mtima nawo ndi mnofu, choncho umalimba ukamagwira ntchito. Pali chinanso chodabwitsa. Magazi amene atsikira kumapazi ayenera kukweranso kubwerera kumtima, ndipo ulendo wokwera ndi wovuta. Pamene tikuyenda, akatumba a m'miyendo amafinya mitsempha nakankhira magaziwo m'mwamba. N'chifukwa chake munthu amene wakhala m'basi tsiku lathunthu, kuchokera ku Blantyre mpaka ku Mzuzu, nthaŵi zina amatsika mapazi atatupa.

Madokotala amatiuza kuti matenda a shuga, a mtima ndi kuthamanga kwa magazi amakonda anthu ongokhala. Mu 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo akuluakulu azitero kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Mwana amene amayenda mwachangu theka la ola popita kusukulu ndi theka lina poŵeruka, ameneyo wakwanitsa kale mphindi zakezo asanaseŵere n'komwe mpira kapena fulaye.

Komabe ine ndiganiza kuti phindu loposa la kuyenda lili m'maso ndi m'maganizo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wokwera galimoto amangoona mitengo ikuthaŵira m'mbuyo, koma woyenda pansi amaidziŵa ndi maina ake. Iye amadziŵa pamene pali msuku wobereka masuku otsekemera, ndi mwezi umene masukuwo amapsa. Amamva pumbwa akulira m'maŵa, amaona mzere wa linthumbu ukudutsa njira, naulumpha. Kodi mudaonapo mtengo wa msangu? Mitengo yambiri imaphuka masamba mvula ikagwa, koma msangu umayoyola masamba ake m'dzinja n'kubiriŵira m'chilimwe. Masamba oyoyokawo amaonjezera chonde m'nthaka, ndipo chimanga chimakula bwino patsinde pake. Zinthu zoterezi simungazione pa windo la basi. Mwana woyenda ndi maso otsekula amafika m'kalasi atayamba kale phunziro la sayansi.

Kuyenda kumapepuzanso mtima. Masamu akakukanikani, kapena mukayambana ndi mnzanu, tayesani kukaongola miyendo pang'ono m'malo mokhala ndwii. Pobwerera mudzapeza kuti mkwiyo wachepa ndipo mutu wapepuka. Usiku tulo timabweranso msanga. Makolo athu adali kuchidziŵa chinsinsi chimenechi. Mlendo akatsazika, mwini nyumba sankangomuuza kuti apite bwino ali pampando. Ankanyamuka ndi kumperekeza mpaka pamphambano kapena kumtsinje, ndipo nkhani zambiri zofunika zinkakambidwa panjira pomwepo. Mwambo wabwino umenewu ukuzirala m'matauni mwathu, ndipo n'zomvetsa chisoni.

Mwina wina mwa inu anena kuti, "Ine ndimayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ndipo sindiona chokondweretsa." Mwanayo akunena zoona. Kuyenda maola aŵiri ndi njala popita kusukulu, kapena kusenza thumba lolemera kupita kuchigayo dzuŵa lili paliwombo, ndi ntchito yoŵaŵa. Sitinganene kuti kumeneko ndi kupumula. Ana otere afunika sukulu, zipatala ndi mijigo pafupi ndi kwawo, ndipo ndi udindo wa akuluakulu kuŵathandiza. Palinso anzathu olumala miyendo amene amayenda ndi ndodo kapena pa njinga yopalasa ndi manja. Iwoŵa tiziyenda nawo limodzi pa liŵiro lawo, osaŵasiya m'mbuyo. Amene ndikuŵadandaula ine ndi aja ali ndi miyendo yabwinobwino koma amafuna kunyamulidwa ngakhale pa mtunda wa kilomita imodzi, umene munthu amauyenda mphindi 12 kapena 15 zokha.

N'zodabwitsa kuti alendo amachokera kutali, nalipira ndalama zambiri, kudzayenda pansi m'dziko lathu lino. Amakwera phiri la Zomba, amayenda m'zidikha za ku Nyika, ndipo olimba mtima amafika pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, imene ndi yotalika mamita 3,002. Pa Sapitwa palibe mseu wa galimoto. Aliyense, wolemera kapena wosauka, amafikapo ndi mapazi ake.

Pomwe mukuyenda pamseu waukulu, kumbukirani kuti m'Malaŵi muno magalimoto amayenda kumanzere. Inu muziyenda m'mphepete kudzanja lamanja, kuti muziona galimoto imene ikubwera kutsogolo kwanu. Musayende mutatambalala pamseu ngati ng'ombe zopita kudambo, koma mutsogozane. Kukayamba kuda, valani chovala choyera kapena choŵala kuti oyendetsa galimoto akuoneni msanga. Mukafuna kukayenda kuthengo kapena kuphiri, tsazikani makolo anu, pitani ndi anzanu, tengani madzi akumwa, ndipo mubwerere dzuŵa lisanaloŵe.