Ufulu wa Linux ufike kaye pa printa

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Makompyuta sanazime tsiku limenelo, ndipo anthu ambiri sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu. Chomwe chinatha ndi zigamba zija kampaniyo inkatumiza mwezi ndi mwezi kudzatseka mipata imene akuba a pa intaneti aitulukira. Ofuna kupitiriza kulandira zigambazo anawonjezeredwa chaka chimodzi, mpaka pa 13 Okutobala 2026, bola alembetse. Kupitirira pamenepo, malangizo a kampaniyo ndi akuti musamukire ku Windows 11.

Vuto lagona pamsamukopo. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yatsopanoko. Kwa a Intel imayambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unayamba kutuluka mu 2017. Tsono tayang'anani makompyuta amene ali m'maofesi mwathu, m'sukulu ndi m'timashopu totaipa makalata. Ambiri ndi a kaunjika, ma Dell ndi ma HP amene anagwira kale ntchito kunja asanafike kuno. Akuyaka bwinobwino, kiyibodi ndi yonse, batire yokha ndiye yatopa. Mwini wake anawagula movutikira makinawo ndipo sangawataye chifukwa choti wina ku Microsoft wanena kuti akalamba.

Anzanga okonda mapulogalamu a open source yankho ali nalo kale: ikanimo Linux. Ine ndili mbali yawo, ndipo kompyuta imene ndikulembera ndemanga ino ikuyendera Linux. Pulogalamu ya open source ndi imene khodi yake, ndiye kuti malangizo olembedwa amene amaiuza chochita, ili poyera. Mukhoza kuikopa, kuisintha, kumugawira mnansi wanu, osaphwanya lamulo lililonse. Mitundu yopepuka monga Linux Mint ya Xfce imathamanga bwino pa makina amene Windows 11 yawakana, ndipo imalandirabe zigamba. Simulipira layisensi. Simufunikanso kupita kwa mnyamata uja woika Windows yobera, imene kawirikawiri imabwera ndi alendo osaitanidwa. Aliyense amene anaonapo mafayilo ake a mu flashi atasanduka ma shortcut akudziwa chimene ndikunena.

Komabe ndili nawo mkangano anzangawa. Iwo amalankhula za ufulu, pomwe munthu amene akumunyengererayo akufunsa ngati printa yake isindikize mawa m'mawa. Akafunsa choncho amamuyang'ana ngati wafunsa zachibwana. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa gulu lonseli linabadwira pa printa. Cha m'ma 1980 Richard Stallman ankagwira ntchito ku MIT, ku America, komwe analandira printa yatsopano ya Xerox imene inkakonda kutsamwa mapepala. Pa printa yakale anali atasintha pulogalamu yake kuti izichenjeza anthu ikatsamwa. Atafuna kuchita chimodzimodzi ndi yatsopanoyo anamukaniza khodi. Mu 1983 analengeza ntchito ya GNU yopanga mapulogalamu a khodi yapoyera, ndipo mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, analemba mtima wa Linux umene unali kusowa. Chiyambi chake chinali dandaulo la munthu wofuna kuti pepala lake lituluke. Wodandaula za printa lero ali ndi ufulu wonse womvedwa.

Taganizirani mayi amene ali ndi kashopu kotaipa ndi kufotokopa pafupi ndi ofesi ya DC. Tsiku lake limadzaza ndi ma CV, makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, ndondomeko za mwambo wa maliro. Kasitomala amabwera ndi fayilo ya Word mu flashi. Mayiyo akaitsegula mu LibreOffice, pulogalamu ya open source yolowa m'malo mwa Word, imene ndi yabwino ndithu, nthawi zina CV ya tsamba limodzi imakhala masamba awiri, ndipo posainira pamagwera kuseri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Zilembo za Calibri ndi Times New Roman zimabwera ndi mapulogalamu a Microsoft, ndipo opanga Linux saloledwa kungozigawa. Kompyuta ikazisowa imasankha zina, ndipo zinazo zikakhala zonenepa pang'ono mizere yonse imasuntha. Mankhwala ake alipo. Zilembo za Liberation Serif zinapangidwa mulingo wofanana ndendende ndi Times New Roman, ndipo za Carlito n'zofanana ndi Calibri. Zikakhalamo, tsamba limakhala pamalo pake. Koma mayiyo angadziwe bwanji zimenezi? Iye chimene akuona ndi kasitomala akumuuza kuti, “Mayi, mwandiwonongera kalata,” ndipo mawa kasitomalayo apita kushopu ina. Amene anamuikira Linux n'kuchoka osayang'ana za zilembo ndiye walakwa, ngakhale atakhala kuti pa nkhani ya ufulu ananena zoona.

Za printa zenizenizo zinthu zasintha kwambiri, ndiyenera kuvomereza. Maprinta ambiri atsopano mukangowalumikiza Linux imawazindikira popanda kuika kalikonse. Amene amavutabe ndi ena akale otsika mtengo, ndi mbali ya sikana pa makina aja ophatikiza zonse. Tsoka lake n'lakuti amenewo ndi amene ali m'timashopu tathu.

Pali china chimene opanga Linux, poti ambiri amakhala kumene intaneti ili ngati madzi a pampopi, sachiganizira. Pa Linux pulogalamu imaikidwa potsitsa pa intaneti, ndipo imodzi imakoka zinzake zingapo. Njirayi ndi yotetezeka kuposa kupatsirana mafayilo, koma kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi ndi chipsinjo. Kuno pulogalamu imayenda pa flashi, kuchoka m'manja kupita m'manja. Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene anayambitsa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, mu 2004, vutoli analimvetsa poyamba. Kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD a Ubuntu kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha, kulikonse padziko, mpaka mu 2011. Anthu ambiri mu Africa anayamba kuiona Linux kudzera mu envulopu imeneyo. Lero fayilo yoikira Ubuntu ndi ya magigabayiti angapo, ndipo envulopu kulibe.

Chaka chomwecho cha 2011 chinaonetsanso matenda ena. Gulu la GNOME linatulutsa GNOME 3 ndipo Ubuntu inabweretsa Unity, onsewo maonekedwe atsopano a Linux. Onse awiri anachotsa mndandanda wa mapulogalamu ndi kamzere kosonyeza mawindo otsegula pamalo amene anthu anawazolowera. Chaka chotsatira Microsoft inachita zomwezo ndi Windows 8, n'kuchotsa batani la Start, ndipo anthu atakwiya inalibwezera mu 2013. Akatswiri okonza maonekedwe amaiwala kuti chizolowezi ndi chuma cha wantchito. Mlembi amene wataipa zaka khumi sayang'ana pomwe pali batani, dzanja limapita lokha. Mukasuntha batanilo mwamulanda liwiro limene amadyera.

Koma pamenepa ndi pomwe ndimaona phindu lenileni la ufulu uja, ngakhale kwa munthu amene sadzawerengapo khodi moyo wake wonse. Osakondwa ndi Windows 8 anangodikira kuti kampani iwamvere chisoni. Osakondwa ndi GNOME 3 anatenga khodi yakale n'kuipitiriza pa dzina la MATE, ndipo gulu la Linux Mint, lotsogoleredwa ndi Clément Lefebvre, linapanga Cinnamon, imene ili ndi batani pakona yakumanzere pansi monga anthu anazolowera. LibreOffice nayo inabadwa motero mu 2010, pamene anthu anakayikira tsogolo la OpenOffice kampani ya Oracle itagula Sun. Palibe munthu mmodzi amene angadzuke n'kulengeza kuti kuyambira tsiku lakuti makina anu ndi amasiye. Mfundo imeneyi ndi imene tiyenera kumuuza mayi uja, ndipo timuuze printa yake itasindikiza kale.

Maboma ena anayesa kusamuka ndipo zotsatira zake n'zosiyana. Khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany inasankha Linux mu 2003, ndipo pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Mu 2017 khonsolo yomweyo inavota kuti ibwerere ku Windows. Ndale zinalowapo, koma madandaulo a ogwira ntchito pa kusinthana mafayilo ndi maofesi ena analiponso. Apolisi a Gendarmerie ku France anayenda njira ina. Anayamba ndi OpenOffice mu 2005 makina akadali pa Windows, mu 2006 anabweretsa Firefox, ndipo Ubuntu inayamba kulowa mu 2008. Pofika tsiku losintha Windows, wapolisi anali atazolowera kale zida zimene amagwira tsiku ndi tsiku. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chitsanzo chimene ndimachikonda koposa chili konkuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Anadziwa kuti makalaliki ndi anamwino ambiri anali asanagwirepo mausi, kuti mzere wa odwala sudikira, ndiponso kuti magetsi amathima. Choncho anachotsa mausi ndi kiyibodi. Anaika sikirini yongodina ndi chala, mabatani akuluakulu, funso limodzi panthawi imodzi. Kaprinta kakang'ono kankatulutsa kapepala komata kokhala ndi barcode, n'kukamata m'buku la kuchipatala la wodwalayo, kuti akadzabweranso asadzafunsidwenso zonse kuyambira pachiyambi. Makinawo anali osadya magetsi ambiri ndipo ankatha kuyendera mabatire. Njirayi inadzafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV. Pansi pake panali mapulogalamu a open source, koma namwino sankafunika kudziwa zimenezo, ndipo palibe anamuuza kuti atsegule terminal yolembamo malamulo a kompyuta. Anthu aja anayamba ayima pambali pa kalaliki n'kuona mmene tsiku lake limayendera, kenako n'kulemba khodi. Unduna wa Zaumoyo umagwiritsanso ntchito DHIS2, pulogalamu ya open source yochokera ku yunivesite ya Oslo, posonkhanitsa malipoti a m'zipatala. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu nayonso mtima wake ndi Linux. Kumene wina anakhala pansi n'kuganizira wogwiritsa ntchito, open source inalowa popanda mkangano.

N'chifukwa chake ndikuona kuti munthu wofunika kumukopa si mwini kompyuta ayi, koma wokonza makompyuta. Ku Limbe, ku Area 2 kapena ku Mzuzu, kompyuta ikavuta imapita kwa iyeyo, ndipo chimene iye akuchidziwa ndi chimene chimaikidwamo. Mukamuikira agogo anu Linux inu n'kubwerera kutauni, tsiku limene idzavute wokonza wapafupi adzaifufuta n'kubwezeramo Windows yobera, chifukwa ndi imene manja ake akuidziwa. Sindimuimba mlandu. Anaphunzira zimene anapeza. Masukulu ambiri ophunzitsa kompyuta amaphunzitsa malo a mabatani a Word ndi Excel m'malo mophunzitsa kukonza kalata kapena kuwerengetsa ndalama m'magome, ndipo zotsatsa ntchito zimatchula mayina omwewo. Wophunzira amene wamvetsa chifukwa chake mutu wa kalata umakhala ndi sitayilo yakeyake sangasochere mu LibreOffice. Woloweza mabatani amasochera ngakhale Word yomweyo ikangosintha maonekedwe. Makoleji a ntchito zamanja atamawaonetsa ophunzira zida zonse ziwiri, zaka zochepa chabe msika uliwonse ungakhale ndi munthu wodziwa kudzutsa laputopu yakale ndi Linux n'kulipidwa pa ntchitoyo.

Kwa inu amene mukufuna kuthandiza m'bale wanu kapena ofesi ya mpingo wanu, pempho langa ndi lakuti musayambe ndi kufufuta. Ikani LibreOffice ndi Firefox pa Windows yomwe ilipoyo, azigwiritse ntchito milungu ingapo. Kenako yatsani Linux Mint kuchokera pa flashi, poti imatha kuyenda choncho osakhudza chilichonse cha m'kompyuta. Lumikizani printa yake yomweyo, sindikizani, yesani sikana, tsegulani mafayilo amene makasitomala ake anabweretsa sabata yatha, onani ngati modemu kapena foni yake ikupereka intaneti. Mufunseni pulogalamu imene sangagone osaitsegula. Ngati ndi CorelDraw ya makadi a ukwati ndipo Inkscape ya open source sinamukhutiritse, musamukakamize. Musiyireni Windows yakeyo pa ntchito imeneyo, muichotse pa intaneti, ndipo za imelo ndi za kubanki azichitira pa Linux. Mukamuikira, musiyireni nambala yanu ya foni, ndipo akaimba Lolemba m'mawa kuti tsamba latuluka lopendekera, muyankhe.