Jeti Imangidwe Pamene Anthu Amatsikira

Ana athu amene anapita ku Durban kukafuna ntchito, akafuna kutitsimikizira kuti ali moyo ndipo zinthu zikuyenda, amatumiza chithunzi ataimirira pa jeti ya kunyanja yamchere, mlatho wa simenti wolowa m'madzi koma wosafika tsidya lina, pamene anthu amapitidwa mphepo madzulo, mafunde akusweka kunsi kwa mapazi awo. Ndipo ife okhala m'tsinde mwa Sapitwa, poona zimenezi, timapukusa mutu ndi kufunsana kuti kodi kwathu kuno zotere zidzafika liti.

Funsolo si lachibwana, pakuti ngakhale Mulanje alibe nyanja, madzi ake amaidziwa njira ya kumeneko: Ruo amatsika m'phiri muno, nakathira mu Shire ku Chiromo, kumene sitima za nthunzi zinkakocheza kale, ndipo Shire amapereka madziwo kwa Zambezi. Njira yomweyo ndiyo inali m'mtima mwa malemu Bingu wa Mutharika pamene anatsegula doko la Nsanje mu October 2010, pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Koma chombo cha feteleza chimene khamu linkadikira tsiku limenelo sichinafike, popeza boma la Mozambique linachiimitsa, likunena kuti kafukufuku wa mtsinjewo ayambe wachitika. Khoma la simenti lilipo, sitima palibe, ndipo tiyi wa m'minda yathu akupitabe kunyanja pa magalimoto. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandiwawa koposa ndi ichi, chakuti pamene chuma chinkathiridwa pa doko losafikako chombo, kunyanja yathu kunali chombo chosowa pokocheza. Ilala, imene yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kuyambira 1951, ikafika ku Nkhotakota, ku Usisya kapena ku Ruarwe imaponya nangula kutali ndi mtunda, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a chimanga, malata ndi usipa. Kenaka mayi wobereka khanda, mtolo uli pamutu, amakwinya chitenje nalowa m'madzi ofika m'ntchafu, nthawi zina usiku, mwera ukuwomba. Mayi ameneyu sapempha nyali zokongola kapena malo ojambulirapo zithunzi. Apempha popondapo pouma.

Sindidana nazo zokondweretsa maso, ndipo ndikhumba ndithu kuti mwana wasukulu wa ku Chitakale, amene madzi aakulu amene anawaonapo ndi Dziwe la Nkhalamba, adzaimirire tsiku lina pa jeti yabwino ku Salima, napenye nyanja ya dziko lake. Koma aphungu athu, pokambirana ndalama za madoko ku Lilongwe, ayambe afunsa kumene Ilala imaima kopanda jeti, ndi kuti anthu otsika pamenepo sabata iliyonse ndi angati.