Mwana wa ku sekondale akagwa ulesi, tisangoyang'ana

Inu makolo a ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano ndi ku Furancungo, mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba. Lero wakakumba mbatata ya kachewere, mawa wasenza thumba kupita kumsika wa m'malire, mkuja akusoka fodya. Akabwerera m'kalasi anzake apita patali. Manyazi amugwira, basi wakhala.

Sekondale ndi yolemetsa, tisanamizane. Kuyambira 2023, kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Mwana wa zaka 12 kapena 13 amakumana ndi aphunzitsi ambiri, aliyense ndi phunziro lake. Pafupifupi zonse ndi za m'Chipwitikizi, pamwamba pake Chingerezi. Ena amayenda mtunda wautali m'chisanu cha mu Juni, m'mimba muli gwa. Akati "ndatopa", nthawi zambiri sakunama.

Mwina mukuti, "Ine ndikuphunzira kumene kuwerenga, ndimuthandiza chiyani?" Zimene akusowa kwambiri zili m'manja mwanu. Mupatseni ola limodzi madzulo lopanda kumutuma kumadzi kapena kuchigayo. Nyali kapena tochi ikhale yake pa ola limenelo. Kenako muuzeni kuti akufotokozereni m'Chichewa zimene waphunzira lero. Akamafotokoza amadzimva yekha pamene sanamvetse, ndipo inunso mutolapo kanthu. Tulutsani kope lanu la sukulu ya akuluakulu mukhale naye pamphasa. Mwana amene akuona mayi ake akulimbana ndi zilembo savuta kumuuza kuti apirire.

Lamulo nalo lili kumbali yanu. Lamulo 18/2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Lamulo 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera. Mtsikana akatenga mimba, malo ake m'kalasi ya masana sathanso, chifukwa boma linachotsa mu 2018 lamulo lomwe linkawakankhira ku sukulu ya usiku.

Chomwe timalakwitsa ambirife ndi kudikira Disembala kuti timve ngati wakhoza. Chaka cha sukulu chili ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba chikatha, pitani nokha mukafunse aphunzitsi phunziro limene likumuvuta. Malikisi akatsika musayambe ndi kukalipa, funsani kaye masiku amene wajomba komanso amene anamutuma masiku amenewo.

Ndipo akafunsa kuti sukuluyi ikumutengera kuti, muuzeni kuti ku Ulónguè, pafupi pompa, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndipo amalandira amene amaliza kalasi 12.