Ba Manija, Ulemu Subwela na Braai ya Kumapeto kwa Caka

Ife amene tigwila nchito m'mahotela, m'malodge na m'malesitilanti a mu Livingstone tinaphunzila kumwetulila ngakhale mtima ukuwawa. Mlendo akatsika ndege pa Harry Mwaanga Nkumbula, amapeza dalaiva wansangala, weita waulemu na mtsikana wa pa lisepushoni wodziwa kupeleka moni m'zinenelo zitatu. Koma lowani kumbuyo, ku kicheni. Mudzapeza anthu awili ophika pa citofu cimodzi amene sanapatsane moni kucokela mwezi watha.

Zikafika apa, ba manija ambili amaitanitsa miting'i, kutiuza kuti ndise banja limodzi, na kulonjeza braai kumapeto kwa caka. Nyama timadya ndithu. Pa Mande mkangano timaupeza pomwe tinausiya.

Ambili amati ni nkhani ya mitundu, cifukwa pa shifti imodzi pamakhala Mtonga, Mlozi, Mleya, Mbemba na Mngoni. Ife sitivomeleza. Anthu amodzimodziwa amakwela taxi imodzi kupita ku Maramba, ku Dambwa na ku Libuyu, amanyozana mwa cimbuya n'kumaseka. Cimene cimawagawanitsa pa nchito ni zocitika mu mdima: ndalama zinagawidwa bwanji, rosita analemba ndani, n'cifukwa ciani uyu anakhululukidwa pamene mnzake analandila kalata ya cenjezo. Funso likasowa yankho, munthu amathamangila kukamba za mtundu. Manija wofuna kubwezeletsa ulemu ayambe wayatsa nyale pa zinthu zitatu izi.

Coyamba ni ndalama. Lamulo la Tourism and Hospitality Act la mu 2015 limati service charge, ija 10 pelesenti imene mlendo amalipila pa bilu, igawidwe mofanana kwa anchito onse kupatulako a mu manejimenti. Mai woyeletsa m'zipinda, amene mlendo samuona n'komwe, ali na gawo lofanana na la weita. Koma ni angati a ife amene tinaonapo ndalama zonse za mwezi zitalembedwa? Matani pepala pa bolodi, ba manija: zalowa zakuti, tilipo anthu akuti, aliyense alandila zakuti. Manong'onong'o ambili adzatha tsiku lomwelo.

Caciwili ni rosita. Mu tauni ino shifti ya usiku si nkhani yaing'ono. Wokomboka mocedwa kufupi na Mosi-oa-Tunya National Park adziwa kuti pa msewu angakumane na njovu. Employment Code Act ya mu 2019 imaika maola 48 pa wiki, ndipo opitilila apo ni ovataimu yofunika kulipilidwa. Manje ngati mu July na August, alendo akaculuka, usiku na ma Sande zimangogwela anthu amodzimodzi pamene okondedwa a ba bwana ali ku chechi, musadabwe mbale zikayamba kuikidwa pa tebulo mwaukali. Rosita izizungulila, ndipo izituluka pa nthawi yake kuti wa mwana wamng'ono apeze womusiyila.

Cacitatu ni kaweluzidwe ka milandu. Palibe cimene cimapha ulemu msanga ngati kukalipila munthu wamkulu pamaso pa alendo na ana a pa attachment. Cilonda cimeneco amacinyamula, ndipo cifukwa sangayankhe ba bwana, amakacitulila pa wotsuka mbale. Lamulo lomwelo la mu 2019 limafuna kuti pa nchito pakhale njila yopelekela madandaulo, ndiponso kuti munthu asacotsedwe nchito cifukwa ca khalidwe kapena kagwilidwe kake asanapatsidwe mpata wodziyankhila. Ngakhale kumudzi, mfumu siweluza itamva mbali imodzi cabe. Itanani awiliwo, tsekani citseko, aliyense akambe mpaka amalize.

Ena adzati ba manija nawonso ali pa moto. N'zoona, ndipo sitiiwala. Mu 2020 COVID-19 itafika, zipinda zinakhala zopanda anthu, mabwato anaima pa Zambezi, ndipo ba manija ndiwo anapatsidwa nchito yowawa yosankha wotsala na wopita kunyumba. Masiku ano mlendo mmodzi akalemba zoipa pa TripAdvisor, foni ya mwini hotela imalila usiku womwewo. Koma akulu anati mlendo ni mame. Timamusamalila cifukwa sakhalitsa. Wophika amene mwamunyoza pofuna kukondweletsa mlendoyo ndiye adzakolezanso moto mawa m'mawa.

Pali cinthu cina cimene sicifuna bajeti, koma ambili cimawalemela kuposa zonse. Ngati munakalipila munthu pagulu ndipo pambuyo pake mwapeza kuti sanalakwe, bwelelani pagulu lomwelo mukambe kuti, "Ninalakwa, pepani." Mpando wanu sudzagwa. Gulu likaona wamkulu apepesa, awili aja a pa citofu cimodzi amasowa cifukwa copitilizila kuumitsa khosi.

Nafenso tili na mbali yathu. Tisanamizane, tili na magulu a WhatsApp mmene timadya anzathu amoyo. Pali ena a ife amene timapeleka tunkhani kwa ba bwana kuti tipatsidwe ofu pa Ciwelu. Ndipo ambili a ife tiyembekezela kukwezedwa. Tsiku limene adzatipatsa makiyi a stoo na cipepala ca rosita, anzathu adzakumbukila mmene tinali kukambila tikali pa sinki.

Braai icitike, sitikana nyama. Koma ibwele pambuyo pakuti pepala la service charge lamatidwa pa bolodi, ndipo aliyense waliwelenga na maso ake.