Khutu nalo ndi sukulu: oimba besi a kwa Khwethemule

Pali mawu amene ndatopa nawo m'tauni muno, makamaka ochokera kwa anzathu amene anapondako pakhomo la koleji. Akaona mnyamata akuimba gitala ya besi pa ukwati kapena m'tchalitchi, amagwedeza mutu n'kunena kuti, "Amatha ndithu, koma nyimbo sadziwa, amangotola ndi khutu." Kungotola ndi khutu! Ngati kuti khutulo ndi chinthu chotola m'mbali mwa msewu. Ine ndikuti wolankhula chotere sanayesepo kutola besi ya nyimbo ngakhale imodzi pa wailesi, ndipo ndikufuna ndimutengereko kwathu kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo, akaone mmene ntchitoyi imagwiridwira.

Kwathuko sukulu ya nyimbo ndi nkhani yongomva. Chimene chilipo ndi minda ya tiyi, makolo olawirira m'mamawa dengu lili kumsana, matchalitchi, ndi malo omwera kumene zoimbira zimalira mpaka usiku. Mnyamata wofuna besi amayambira pamenepo. Ndipo taonani, salowa m'katimo ayi. Amakaima kuseri kwa chipupa. Chifukwa chake n'chakuti mawu aang'ono, a woimba ndi a gitala yotsogolera, amatsakamira pa njerwa, pamene mawu a pansi amadutsa chipupa ngati palibe kanthu. Kuseriko nyimbo imafika itasendedwa kale, kwangotsala besi ndi ng'oma yaikulu. Palibe anamuphunzitsa sayansi imeneyi, anangoiona yekha.

Chachiwiri ndi pakamwa. Akuluakulu amene anaimbapo m'mabandi a m'maesiteti amanena kuti chimene walephera kung'ung'udza, zala sizingachipeze. Tsono mnyamatayo amayenda nayo besi ija m'kamwa, popita kumjigo, pobwera kumunda, mpaka anthu kuyamba kumuyang'ana ngati wazungulira mutu. Akafika pa gitala, yomwe kawirikawiri ndi ya tchalitchi ndipo amaigwira mwa apo ndi apo, amayamba wafuna liwu limodzi lokha, lija limene nyimbo imapumirapo, limene limamveka ngati wafika kunyumba. Akalipeza, ena awiri sakhala patali, pakuti nyimbo zathu zambiri, kuyambira kwela mpaka za kwaya, zimazungulira pa makodi atatu. Koma apa m'pamene anthu a m'tauni amanamizika, kuganiza kuti makodi atatu ndiye kuti nyimbo yatha. Ayi ndithu. Chovuta ndi njira imene woimbayo amadutsa pochoka pa liwu lina kupita pa linzake, pamene amadumpha, pamene amatsalira dala pang'ono kumbuyo kwa ng'oma, ndi pamene amangokhala chete. Malo opumawo ndi amene amavinitsa anthu, ndipo amatenga masabata kuti uwamve bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amalume athu a nthawi ya makaseti anavutika koposa. Kubweza tepi kunkadya mabatire, ndiye ankaivula n'kuizunguza ndi bolopeni. Mabatire akafooka tepi inkayenda pang'onopang'ono, nyimbo n'kutsika kiyi, munthu n'kuiloweza choncho, kukadzidzimuka tsiku la dansi kuti anzake ali pamwamba iye ali pansi. Amene analibe kaseti ankadikira kuti MBC, yomwe inali wailesi yokhayo m'dziko muno pa ulamuliro wa chipani chimodzi, iibwereze nyimboyo, kaya mawa kaya sabata yamawa.

Lero wina angati zinthu zapepuka, poti nyimbo zili m'foni ndipo anyamata obena nyimbo pamsika amakuikira mazanamazana pa memore khadi. Zapepuka mbali imodzi yokha. Nsambo yaikulu ya besi imanjenjemera maulendo 41 pa sekondi, ndipo kasipika ka foni sikangathe kutulutsa liwu lotsika chotere. Chimene mwana wa lero amamva m'foni ndi chithunzithunzi chabe cha besi. N'chifukwa chake mudzawaona ena ataika foni mu ndowa kapena m'poto kuti mawu anenepeko. Inu mukuseka, komatu ameneyo ali m'kalasi.

Anzathu amene munakhalitsa kunja mukukumbukira chimbale cha Paul Simon chotchedwa Graceland, cha 1986, ndi nyimbo ija ya You Can Call Me Al. Besi yake anaimba ndi Bakithi Kumalo wa ku South Africa, ndipo pali kachigawo kofulumira kamene oimba besi dziko lonse lapansi akhala akuthyoka nako zala. Chinsinsi chake n'chakuti Kumalo anaimba theka loyamba lokha. Theka lachiwiri ndi lomwelo, koma a mu situdiyo anayendetsa tepi chobwerera m'mbuyo. Ndiye kuti amene anakatola ndi khutu mpaka kukaimba konse anaphunzira chinthu chimene pojambulapo panalibe dzanja la munthu linachiimba. Kodi ameneyo tingamunene kuti sadziwa nyimbo?

Tisapite kutali. Thyolo yemweyu anabala Alan Namoko, woimba banjo wosaona, amene pamodzi ndi gulu lake la Chimvu anagwedeza dziko lino mpaka imfa yake mu 1995. Pepala la manoti akanaliwerenga ndi chiyani? Ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba anatola kwela ndi khutu, n'kuisandutsa yawoyawo, moti katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, amene anakumana nawo mu 1967, anakhala zaka zambiri akuphunzira ndi kulemba za luso lawo. Wa madigiri ndiye anabwera kudzakhala pansi. Ku Zimbabwe kuli Alick Macheso, wa magazi a Chimalawi, amene anakulira m'mafamu a ku Shamva, moyo wosasiyana kwenikweni ndi wa mwana wa m'esiteti ya tiyi. Lero mukatchula besi ya sungura, dzina loyamba kutuluka ndi lake.

Nanga babatoni? Besi ya nsambo imodzi, ya mtengo wautali ndi ng'oma ya chikopa, yopangira pakhomo. Palibe chizindikiro pa mtengopo chokuuza kuti liwu lakuti lili apa. Ukaphonya, waphonya pamaso pa anthu. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaiimba ndi botolo ndi kamtengo, ndipo a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anachoka nayo m'misewu ya Lilongwe mpaka kukaimba ku Ulaya. Azungu amalipira ndalama kuti akaone chimene ife timachitcha umphawi.

Musandimve molakwa, sindikunyoza manoti. Kuwerenga nyimbo n'kwabwino, ndipo amene akuphunzitsa zimenezi ku Zomba kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe akugwira ntchito yotamandika. Wodziwa ziwirizi ali ndi mwayi woposa. Koma pepala limangosunga chimene khutu linamva kale, ndipo mwana wa wothyola tiyi wa kwa Khwethemule sangapeze thiransipoti yopita ku Lilongwe, osanena za fizi. Sukulu imene ali nayo ndi yomweyi ya kuseri kwa chipupa, ndipo ndi imene ikuphedwa mwakachetechete.

Akuipha ndani? Choyamba ndi kiyibodi ija yodziimbira yokha. Mipingo yambiri yaona kuti n'kotchipa kugula chida chimodzi chimene ukadina batani chimatulutsa ng'oma ndi besi nthawi imodzi, kusiyana ndi kusunga anyamata anayi. Gitala ya besi ikaduka nsambo imakankhidwira kuseri kwa kabati, osatulukanso. Chachiwiri ndi masitudiyo a m'tauni, kumene mnyamata mmodzi ndi kompyuta amamaliza chimbale chonse. Tamverani nyimbo khumi zotsatizana pa wailesi, mundiuze ngati besi yake simukuimva ngati ya munthu mmodzi. Imagunda pa nthawi yake ndendende, siichedwa, siifulumira, ndipo siikunyengerera kuti udzuke pampando. Mwana wotola besi yotere ndi khutu atolapo chiyani?

Chimandipweteka n'chakuti khutu la kwathu silinayambe ndi gitala. Alomwe amene anadzaza m'minda ya tiyi ya Thyolo ndi Mulanje anabwera ndi ng'oma zawo, ndipo tchopa, gule amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake mu 2014, amaphunziridwa chimodzimodzi: kuima pafupi ndi wamkulu, kumvetsera, kuyesa, kudzudzulidwa, kuyesanso. Tchopa timamuombera m'manja pa zikondwerero pamaso pa nduna, koma mdzukulu wa woimba ng'oma yemweyo akagwira besi timati ndi wosaphunzira.

Pempho langa ndi laling'ono. Akuluakulu a mipingo, musanagule kiyibodi yachiwiri, gulani nsambo zinayi, mutulutse gitala ija kuseri kwa kabati, ndipo kiyi wa chipinda chosungira zida asamakhale m'thumba la munthu mmodzi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Eni maesiteti, amene mumapeza malo a bwalo la mpira, pezaninso kachipinda ka magetsi, ampulifaya imodzi ndi sipika yaikulu yotha kutulutsa mawu a pansi. Ndipo inu a MBC, matepi a Namoko, a Kachamba ndi a mabandi akale amene muli nawo, muziwaika pa nthawi imene ana ali maso, nyimbo yonse mpaka kumapeto, muulutsi asakulankhulira pamwamba.