Kalavani Yakale ndi Pepala la Waranti

M'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene tchuthi cha Pasaka chadutsa ndipo chisanu chayamba kuluma m'chigawo cha Gauteng, munthu wofuna kalavani yogwiritsidwapo kale ntchito amapeza ogulitsa ali okonzeka kumva za mtengo. Pamabwalo ogulitsirapo pamaima makalavani a Jurgens, Sprite ndi Gypsey, otsukidwa bwino ndi opakidwa polishi. Ogula ambiri ndi mabanja a ku South Africa komweko amene amakonda kukagona ku Kruger kapena m'mphepete mwa nyanja ku KwaZulu-Natal. Koma pakati pawo pamapezekanso amalonda ochokera ku Blantyre, Chipata ndi Tete, ofuna nyumba yoyenda ya anthu ogwira ntchito yamsewu, ofesi ya pamalo omangapo nyumba, kapena kanyumba kogulitsiramo chakudya. Onsewa, mtengo ukatheka, amafunsidwa funso limodzi: kodi awonjezere ndalama zina kuti atenge waranti, lija lonjezo lolembedwa loti chikawonongeka chinthu wina adzalipira?

Funsoli silingayankhidwe bwino munthu asanadziwe chimene chimapha kalavani. Galimoto imafa ndi injini, pamene kalavani ilibe injini ndipo imafa ndi madzi. Makoma a makalavani ambiri akale ndi chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu kunja, matabwa opepuka mkati, ndi zotchinga kutentha pakati. Polumikizira denga ndi makoma, m'mbali mwa mawindo ndi pamene pali zomangira, pamamatidwa ndi phula lapadera limene limauma ndi kung'aluka zaka zikamapita. Madzi akapeza kamng'alu amalowa pang'onopang'ono n'kuyamba kuoletsa matabwa, kunja kukuwalabe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo pa malonda a kalavani mawuwa ndi oona kwenikweni. Pofika nthawi imene fungo la nkhungu layamba kumveka m'makabati, kapena pansi payamba kunyenya munthu akaponda, ntchito yokonza imafuna kusasula khoma lonse, ndipo nthawi zina mtengo wake umayandikira mtengo wa kalavaniyo.

Choncho chinthu choyamba kufufuza m'pepala la waranti ndi mawu okhudza kulowa kwa madzi. Mapepala ambiri amalemba mndandanda wautali wosangalatsa: furiji, chitofu cha gasi, pampu ya madzi, mawaya a magetsi, chimango chachitsulo chapansi. Kulowa kwa madzi kumapezeka m'malembo ang'onoang'ono, m'gulu la zinthu zimene salipira, pamodzi ndi matayala, mabuleki, maberingi, batire ndi nsalu ya tenti, zonse zimene amati zimatha ndi ntchito. Waranti yotere imateteza zinthu zimene wogula akanatha kukonzetsa ndi ndalama za m'thumba, n'kumusiya yekha pa vuto limene likhoza kumugwetsa.

Nawonso mawaranti sali a mtundu umodzi, ngakhale ogulitsa amawatchula ndi dzina limodzi. Ilipo ya fakitale, imene imatsalira ngati kalavani ili ndi zaka zochepa. Imeneyi ndiyo yamphamvu, koma kawirikawiri imafuna kuti kalavani ikhale itapita ku sevisi m'nthawi yake kwa okonza ovomerezeka, ndiponso kuti dzina la mwini watsopano lilembetsedwe. Buku la sevisi likasowa chidindo cha chaka chimodzi, lonjezolo likhoza kukhala kuti linafa kale ili m'manja mwa mwini woyamba. Ina ndi ya wogulitsa mwiniwake, yaifupi, ndipo mphamvu yake ndi mbiri ya bwalo lakelo basi. Yachitatu ndi yogula padera ku kampani ina, imene kwenikweni ndi inshuwalansi yovala dzina lina. Imakhala ndi malire a ndalama pa dandaulo lililonse, ndipo imakana vuto lililonse limene linalipo kale tsiku logula. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa pa kalavani ya zaka 15 n'kovuta kutchula vuto limene silinayambe kale.

Chimene ogula ambiri, makamaka ochokera kunja, sadziwa n'chakuti ku South Africa lamulo limapereka waranti yakeyake yosalipira. Lamulo la Consumer Protection Act la chaka cha 2008, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011, limati katundu wogulitsidwa ndi wamalonda ayenera kukhala wabwino, wogwira ntchito yake ndi wopanda chilema, ndipo izi zimakhudzanso katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Gawo 56 limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lolandira katunduyo. Chilema chikaoneka m'nthawi imeneyi, wogula ndiye amasankha, kaya kukonza, kaya kusintha, kaya kubwezeredwa ndalama. Wogulitsa akakonza koma vuto n'kubweranso m'miyezi itatu, ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Motero wamalonda amene akunyadira waranti ya miyezi itatu ngati mphatso akupereka zochepa kuposa zimene lamulo lamukakamiza kale, ndipo pepala lakelo silifafaniza ufulu wa m'lamulo.

Chitetezo chimenechi chili ndi mipata yake. Sichigwira pa katundu wogulidwa pa okushoni. Sichigwiranso pa chilema chimene wogulitsa anachitchula momveka ndipo wogula anavomera kutenga katunduyo ali choncho. Mpata waukulu ndi wa malonda a pakati pa anthu wamba. Munthu wogulitsa kalavani ya banja lake pakhomo pake sali pa bizinesi, choncho lamuloli silimukhudza, ndipo pangano lake limakhala ndi liwu lakale lakuti voetstoots, kutanthauza kuti chinthu chikutengedwa momwe chiliri. Wogula akhoza kupambana mlandu pokhapokha ataonetsa kuti wogulitsayo ankadziwa chilemacho ndipo anachibisa dala, umboni umene ndi wovuta kuupeza. Kalavani yapakhomo imatsika mtengo chifukwa cha chimenechi, ndipo kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiwo mtengo weniweni wa chitetezo.

Kwa wogula wa ku Malawi kapena ku Zambia pali mfundo ziwiri zimene zimasintha masamu onse. Yoyamba ndi ya malire. Ufulu wobweza katundu ndi wokoma kwa munthu wokhala ku Pretoria, koma wa ku Limbe ali kutali ndi makilomita opitirira 1,500, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa pa Zambezi ku Tete ndi chipata cha Mwanza, ndipo msonkho wolowetsera katundu analipira kale. Ngakhale lamulo limati kubweza kukhale pa ndalama za wogulitsa, kum'kakamiza kutero munthu ali kunja kwa dziko ndi ntchito ina. Mabungwe oona za ogula a ku Lilongwe kapena ku Lusaka alibe mphamvu pa wamalonda wa ku Benoni. Mawaranti ogula padera nawonso amatchula mayiko amene amagwirako ntchito, ndipo amafuna kuti kukonza kuchitike kwa okonza awo, chilolezo chitaperekedwa kaye. Mmisiri wa ku Ndirande akangomasula zomangira zake, dandaulo likhoza kukanidwa.

Yachiwiri ndi ya nyengo, ndipo imeneyi siilembedwa papepala lililonse. Kalavani yogulidwa mu Meyi imayesedwa nthawi imene ku Gauteng kulibe mvula, makoma ali ouma. Ikafika ku Malawi imakhala padzuwa chilimwe chonse, phula lomata lija likuumiratu ndi kutentha kwa mu Okutobala. Mvula yamphamvu imayamba chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndiye kuti dontho loyamba limagwera pabedi miyezi isanu ndi umodzi ija itangotha. Palibe amene wachita chinyengo apa, kalendala yokha ndiyo yamudyera wogula.

Palinso mzere wina umene amalonda amaudumpha powerenga. Pafupifupi waranti iliyonse ya kalavani imalembedwa poganizira banja lopita kutchuthi kangapo pachaka pamsewu wa phula. Kalavani ikasanduka malo ogulitsirapo tchipisi, kapena nyumba yogonamo anthu asanu ndi mmodzi usiku uliwonse, yalowa m'gulu la ntchito yamalonda, limene nthawi zambiri limakanidwa. Kuboola khoma kuti pakhale windo logulitsirapo kumathetseratu nkhani yonse. Misewu yafumbi nayonso ili ndi mzere wake, pakuti kalavani yapamsewu wa phula siinapangidwe kuti izigwedezeka tsiku lonse pamabampu a kumudzi.

Izi sizikutanthauza kuti waranti yogula ndi yachabe kwa aliyense. Kwa banja lokhala ku Johannesburg, logula kalavani ya zaka zochepa yokhala ndi furiji ndi zipangizo zodula, lotha kuipititsa ku sevisi chaka ndi chaka, pepalalo likhoza kubweza ndalama zake pa vuto limodzi lokha. Koma kwa wogula kalavani yakale n'kuwoloka nayo Limpopo, ndalama zomwezo zimagwira ntchito yaikulu zikapita kwa katswiri wodziimira payekha woti aiyeze malonda asanatheke. Iye amabwera ndi kachipangizo koyezera chinyezi m'makoma. Ku Britain, kumene mvula siisowa ndipo kuyeza kotere ndi mbali ya sevisi ya chaka ndi chaka, muyeso wosafika pa 15 peresenti umatengedwa kuti ndi wabwino, pamene wopitirira 20 umafuna kufufuzidwa. Katswiriyo amakwawanso pansi kuona dzimbiri pachimango, amagwedeza magudumu kuti amve maberingi, amayesa mapaipi a gasi, ndipo amawerenga manambala anayi omaliza a m'mbali mwa tayala, osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Matayala a kalavani amakalamba asanathe mapazi, chifukwa amaima malo amodzi miyezi yambiri, ndipo tayala lophulikira pakati pa Masvingo ndi Harare palibe waranti imene ingalilipire.

Mapepala ena ofunika kuposa waranti amaiwalika msanga. Nambala ya pachimango iyenera kufanana ndi ya m'kalata yaumwini, ndipo potulutsa kalavani kupita ku dziko lina la m'chigawo chino pamafunika kalata ya apolisi ya SARPCCO yotsimikiza kuti siyobedwa. Woyendetsa naye aone laisensi yake, poti ku South Africa ya Code B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo makalavani ambiri apabanja amafuna ya EB.

Wogula amene wasankhabe kutenga waranti ali ndi njira imodzi yoipatsa mano. Zimene wogulitsa wanena pakamwa, zakuti denga silidontha, zakuti pepalalo ligwirabe ntchito ku Lilongwe, zakuti kugulitsiramo chakudya sikuliwononga, zilembedwe pa lisiti ndi kusainidwa. Ndipo ndalama zisanatuluke apemphe paipi ya madzi, athire denga ndi mawindo onse kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, kenaka alowe mkati ndi tochi, atsegule makabati am'mwamba ndi kupapasa ngodya zonse ndi dzanja. Wogulitsa akakana kuti paipiyo itsegulidwe, bwalo lotsatira lili pafupi.