Magazi Ayamba Kuulula Zinsinsi za Khansa ya M'mawere

Pakati pa matenda amene akusautsa amayi pa dziko lonse lapansi, khansa ya m'mawere ndi imodzi mwa nthenda zoopsa koposa. Bungwe loona za umoyo la WHO linalengeza kuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni anapezeka ndi nthendayi, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Nchifukwa chake nyuzi ino yaona kuti nkofunika kufotokozera awerengi za njira imene akatswiri apeza yodziwira khalidwe la khansayi pongoyeza magazi a wodwala.

Monga tidziwa, khansa ikakhalitsa siikhala m'bere mokha ayi. Timaselo take timathothoka, nkulowa m'magazi, nkukamera ku mafupa, kuchiwindi kapena m'mapapo. Choipitsitsa nchakuti majini a timaseloti amasintha pamene wodwala akulandira mankhwala, kotero kuti mankhwala amene anathandiza chaka chatha amaleka kugwira ntchito chaka chino. Kuti dokotala adziwe chimene chasintha, kale ankayenera kudula kanyama pa chotupacho, chinthu chopweteka ndiponso chovuta ngati chotupa chili m'fupa.

Amene anayamba kuona timaselo ta khansa m'magazi anali dokotala wa ku Australia, Thomas Ashworth, m'chaka cha 1869. Koma panapita zaka zoposa 100 asanapezeke makina otha kutisankhula bwino, popeza timakhala towerengeka chabe pakati pa maselo a magazi mabiliyoni ambirimbiri. Mu 2004 bungwe la boma la America loona za mankhwala, la FDA, linavomereza makina otchedwa CellSearch, amene amawerenga timaseloti m'magazi okwana mamililita 7.5, ndiye kuti supuni ya tiyi imodzi ndi theka. Zinaoneka kuti mayi amene ali ndi timaselo 5 kapena kuposerapo, nthenda yake imathamanga msanga.

Mu 2014 akatswiri a pa chipatala cha Massachusetts General Hospital ku Boston anapita patsogolo. Iwo analera timaselo totere kunja kwa thupi, nawerenga majini ake, ndipo anapeza kusintha m'majini otchedwa ESR1 ndi PIK3CA. Tanthauzo lake ndi ili: khansa zambiri za m'mawere zimakula ndi mphamvu ya homoni ya estrogen, ndipo mankhwala monga letrozole amachepetsa homoniyo m'thupi, koma jini ya ESR1 ikasintha, chotupa chimakula ngakhale popanda homoniyo. Lero zipatala zimakonda kuyeza tizidutswa ta DNA ya chotupa timene timayandama m'magazi, ndipo dokotala akapeza kusinthako amasankha mankhwala oyenera. FDA inavomereza alpelisib mu 2019 kaamba ka odwala amene PIK3CA yawo yasintha, ndi elacestrant mu 2023 kaamba ka a ESR1.

Ife tikuyamikira nzeru imeneyi ndi mtima wonse, pakuti imapulumutsa mayi wofooka kale ku mpeni, ndiponso ku mankhwala amene sangamthandize. Komabe tiyenera kunena zoona mosabisa. Kuyeza kumeneku sikuchiritsa munthu. Khansa imene yafalikira kale m'thupi madokotala amangoichepetsa mphamvu ndi kutalikitsa moyo wa wodwala. Ndiponso mtengo wa kuyezaku ndi wa mankhwala ake ndi waukulu zedi, ndipo kudziwa dzina la jini yosintha popanda mankhwala ake kulibe phindu kwa wodwala. Tsono tikupempha makampani opanga mankhwala kuti atsitse mitengo ku maiko osauka, ndipo sukulu zathu za ukachenjede ziphunzitse ana athu ntchito imeneyi, kuti tisamadalire kutumiza magazi kunja.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Vuto lalikulu m'Malawi muno nlakuti amayi ambiri amafika ku chipatala nthenda itakula kale, ena kaamba ka manyazi, ena kaamba koopa kudulidwa bere, ndipo ena chifukwa chotaya miyezi poganiza kuti alodzedwa. Mu 2021 WHO inakhazikitsa cholinga chakuti odwala 60 mwa 100 alionse azipezeka nthenda isanakule, ndi kuti zoyeza zonse zizitha m'masiku 60. Khansa yopezeka msanga imachizika, ndipo pa ichi sipafunika kudikira makina a ku Boston.

Choncho mayi aliyense amene wamva kachotupa m'bere kapena m'khwapa, ngakhale kosapweteka, kapena waona nsonga ya bere ikutuluka magazi, apite ku chipatala sabata lomwelo. Inu abambo, perekezani akazi anu, musawaletse kapena kuwanyoza. Inu mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo, lankhulani za nthendayi poyera pa misonkhano yanu. M'mera mpoyamba: akatswiri achite mbali yawo m'nyumba zoyezera, ife tichite yathu m'midzi, kuti amayi athu asamafike kwa dokotala nthawi itatha.